Phunziro 9: Pulogalamu imodzi pa foni, tabuleti ndi kompyuta, chitsanzo cha kaundula ku Winterveld

Mawu oyamba

M'phunziro lapitali munaphunzira kusunga mayina ndi manambala m'tebulo la pa kompyuta. Tsopano tebulo lija tilisandutsa pulogalamu yogwirira ntchito, imene ambiri amangoti app. Mphunzitsi aziitsegula pa foni ali m'kalasi, kalaliki pa kompyuta ya mu ofesi, ahedi pa tabuleti. Sikirini ya foni ndi yopapatiza, ya kompyuta ndi yotakata, ndipo zimene zikuoneka bwino pa imodzi zimatha kuthinana kapena kusowa kumene pa inzake. Batani losungira likabisika pa foni ya mphunzitsi, ndiye kuti tsiku limenelo kalasi yonse sinalembedwe.

Pomaliza phunziroli muzitha:

- kufotokoza kusiyana kwa pulogalamu yongochepetsedwa ndi pulogalamu yodzikonza molingana ndi sikirini;
- kuwerengera malo amene muli nawo pa foni yaing'ono musanayambe kumanga;
- kugwiritsa ntchito ma container ndi malire a kukula kwa sikirini mu Power Apps;
- kuteteza zinsinsi za ana pa sikirini yaikulu.

Patulani maola 4. Mukhale ndi pepala, pensulo, rula ndi foni. Ngati kompyuta mumaipeza mwa apo ndi apo, musadandaule: theka la ntchitoyi ndi la pa pepala.

Chifukwa chake tasankha Winterveld

Winterveld ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Pretoria, moyandikana ndi Mabopane ndi Soshanguve. Kuyambira mu 1938 malo a kumeneko ankagulitsidwa kwa anthu akuda m'mapuloti a ma morgen 5 kapena 10, ndipo mpaka lero anthu amatchula dera lina kuti Ten Morgan. M'zaka za ulamuliro wa tsankho, mabanja ochuluka othamangitsidwa m'mafamu ndi m'madera ngati Lady Selborne anadzachita lendi pa mapulotiwo. Mu 1977 derali linakhala gawo la Bophuthatswana, dziko limene boma la tsankho linapatulira anthu olankhula Setswana, pansi pa Lucas Mangope. Koma anthu ambiri a ku Winterveld sanali Atswana. Ana awo ambiri ankaphunzira m'sukulu zimene eni mapuloti ndi makolo anadzitsegulira okha, zambiri mwa izo zosadziwika ku boma. Mu 2000 Winterveld inalowa mu khonsolo ya Tshwane, ndipo pofika 2006 inali itachoka m'chigawo cha North West n'kulowa mu Gauteng. Kalembera wa 2011 anapezako anthu opitirira 120,000, olankhula Xitsonga, Setswana, isiZulu, Sepedi, isiNdebele ndi zilankhulo zina.

Mbiriyi siyongokometsera phunziro. Ikutiuza kuti m'kalasi imodzi muli mayina a zilankhulo zambiri, ena aatali kwambiri, ndipo mayinawo ayenera kukwana pa sikirini. Lamulo la m'dzikomo nalonso limafuna kaundula wolondola. Lamulo la BELA, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu September 2024, limati mwana akajomba masiku 3 otsatizana popanda chifukwa chomveka, mphunzitsi wa kalasi adziwitse mphunzitsi wamkulu, ndipo iyeyo ayambe kufufuza pasanathe maola 24. Nanga ahedi adziwa bwanji kuti masiku akwana 3 ngati Lachiwiri pulogalamu inakanika pa foni ya mphunzitsi?

Tiyerekeze tsono sukulu ya pulayimale ya ku Winterveld. Sititchula dzina, ndi yongoganizira. Sukuluyi imatumiza ziwerengero zake ku boma kudzera mu SA-SAMS monga sukulu zina zambiri, ndipo pulogalamu yathu siilowa m'malo mwa SA-SAMS kapena buku la rejisita limene lamulo limafuna. Ntchito yake ndi yaing'ono: mphunzitsi aitane mayina pa foni, ofesi ione ojomba m'mawa womwewo. Inu amene muli ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, ikanipo sukulu yanu. Mafoni ndi omwewo.

Low-code n'chiyani?

Kale munthu ofuna pulogalamu ankalemba yekha malangizo onse a kompyuta mzere ndi mzere. Zida za low-code zimakupatsani mabatani, madanga olembamo ndi mindandanda zopangiratu. Inu mumangoziyala pa sikirini, kuzilumikiza ku tebulo lanu, n'kulemba mafomula ochepa ofanana ndi a Excel. Dzinali linatchuka mu 2014 kudzera ku kampani yofufuza ya Forrester. Microsoft inatulutsa Power Apps kwa anthu onse mu 2016, ndipo Google inagula AppSheet mu 2020. Makampani amazigwiritsa ntchito powerengera katundu, polemba maoda ndi popempha tchuthi. Ofesi ya sukulu nayo ndi bizinesi mwa njira yake: muli katundu, ndalama, anthu ndi mafomu.

Musanayambe, funsani amene amayang'anira akaunti za sukulu kapena za boma kuti akuuzeni chida chimene laisensi yanu ikuloleza. Si bwino kumanga pulogalamu mwezi wathunthu kenako n'kumva kuti aphunzitsi ena sangaitsegule popanda kulipira.

Kuchepetsa ndi kudzikonza

Ganizani za kalasi ya ana 45 imene yasamutsidwa kuchoka mu holo kupita m'chipinda chopapatiza. Simucheka madesiki kuti akhale aang'ono. Mumasintha mizere: m'malo mwa madesiki 9 m'mizere 5, mumaika madesiki 5 m'mizere 9, ndipo kabati imene siikufunika lero mumaitulutsa. Pulogalamu imene imachita zotere ndi imene akatswiri amati ndi responsive. Mawuwa anawatchukitsa ndi Ethan Marcotte m'nkhani imene analemba mu May 2010 m'magazini ya pa intaneti ya A List Apart. M'phunziro lino tiziti pulogalamu yodzikonza.

Njira inayo ndi yocheka madesiki. Power Apps ili ndi batani lotchedwa Scale to fit. Likakhala loyatsa, pulogalamu imajambulidwa ngati chithunzi chimodzi, ndipo chithunzicho chimangokulitsidwa kapena kuchepetsedwa kuti chikwane. Tione masamu ake. Pulogalamu ya mtundu wa tabuleti imayamba ndi m'lifupi mwa mapikiselo 1366. Foni wamba ya Android itaimikidwa imakhala ndi m'lifupi mwa mapikiselo pafupifupi 360. Gawani 360 ndi 1366, mupeza 0.26. Ndiye kuti chilembo cha msinkhu wa 14 chitsika kufika pa 4 osakwana, ndipo batani la 48 likhala la 13. Zonse zilipo ndithu pa sikirini, palibe chasowa, koma palibe angawerenge, ndipo chala chimodzi chikhudza mabatani awiri.

Wina afunsa kuti, “Nanga pa bokosi la foni yanga analemba 720 x 1600, 360 yachokera kuti?” Funso labwino. Nambala ya pa bokosi ndi ya timadontho teniteni ta galasi. Mapulogalamu sawerenga timeneto mwachindunji, chifukwa zilembo zikanakhala ngati nyerere. Pa foni yotere timadontho tiwiri timawerengedwa ngati pikiselo imodzi, ndiye 720 imasanduka 360. Foni yodula ya timadontho 1080 nthawi zambiri imapereka pakati pa 360 ndi 412 basi. Kudula kwa foni sikukupatsani malo ambiri oyalapo zinthu.

Yambani ndi foni yaing'ono kwambiri

Apa ndi pamene pagona phunziro lonse, choncho tichedwapo.

Ambiri amamanga pa laputopu, amaona malo ambiri, n'kudzaza madanga: dzina, nambala ya mwana, giredi, tsiku lobadwa, dzina la kholo, foni ya kholo, chifukwa chojombera. Akamaliza m'pamene amayamba kulimbana ndi foni, kufunafuna choti achotse. Luke Wroblewski analimbikitsa njira yotembenuza zimenezi, imene anaitcha Mobile First, ndipo buku lake la dzina lomwelo linatuluka mu 2011. Mfundo yake ndi yakuti sikirini yaing'ono imakukakamizani kusankha chofunika. Ine ndimaonjezera funso limodzi loti mudzifunse musanajambule kalikonse: munthu amene wagwira chipangizochi ali kuti, ndipo akufuna kumaliza ntchito yanji?

Mphunzitsi wa Giredi 4 waimirira kutsogolo kwa ana 45, dzanja lina lagwira choko, ana akusokosera. Akufuna dzina la mwana ndi pogunda kuti alipo, wajomba kapena wachedwa. Basi. Tsiku lobadwa la mwanayo alibe nalo ntchito pa nthawi imeneyo. Kalaliki wakhala pa mpando, ali ndi kiyibodi ndi mausi, akufuna makalasi onse pamodzi ndi manambala a makolo oti awaimbire. Ahedi akufuna mndandanda waufupi wa ana amene afika masiku 3. Mukaona bwino, kusiyana kwa masikirini n'kusiyana kwa ntchito.

Tiyeni tiwerengere mzere umodzi wa kaundula pa foni ya 360. Siyani mpata wa 16 kumanzere ndi 16 kumanja, kutsala 328. Malangizo a Google a Android amati chinthu chogundidwa ndi chala chisachepere 48, a Apple amati 44. Malamulo a WCAG 2.2 a mu 2023 amalola mpaka 24, koma amenewo ndi malire otsikitsitsa, osati oti muziwatsata mwadala. Titenge 48. Mabatani atatu adya 144. Mipata itatu ya 8 idya 24. Dzina latsala ndi 328 − 144 − 24 = 160. Ngati chilembo chimodzi chitenga pafupifupi 8, m'dangamo mukwana zilembo 20.

Tsegulani rejisita yanu muwerenge zilembo za dzina lalitali kwambiri, loyamba ndi la bambo pamodzi. Mupeza kuti 20 ndi zochepa. Dzina likadulidwa, ana awiri a banja limodzi kapena a mfunda umodzi amaoneka ngati munthu mmodzi, ndipo wojomba amalembedwa kuti alipo. Pali njira zingapo. Mutha kulola dzina kutsikira pa mzere wachiwiri, mzere uliwonse n'kukhala wautali pang'ono. Mutha kuchotsa batani la “wachedwa” n'kuliika mkati, dzina n'kupeza 216. Kapena ana onse ayambe atalembedwa kuti alipo, mphunzitsi azingogunda ojomba okha. Njira yachitatuyi ndi yachangu, ndipo aphunzitsi amaikonda, koma ili ndi msampha: munthu wotopa atha kungosunga osayang'ana, kalasi yonse n'kukhala “ilipo”. Mukaisankha, ikani funso lotsimikiza lisanasungidwe: “Alipo 41, ajomba 4. N'zoona?” Kwa ine njira yoyamba ndi imene imapulumutsa zambiri, ngakhale imatalikitsa mndandanda. Kukoka mndandanda ndi chala kupita pansi aliyense anazolowera. Chimene muyenera kupewa ndi kukokera cham'mbali. WCAG 2.1 ya mu 2018 imafuna kuti zolembedwa ziziwerengeka pa m'lifupi mwa 320 popanda kukokera mbali ziwiri.

*Ntchito 1.* Dulani mapepala atatu: la masentimita 9 m'lifupi, la 20 ndi la 34. Sentimita imodzi iimire mapikiselo 40. Jambulani kaundula wanu pa pepala laling'onolo poyamba. Mukatha, pitani pa lachiwiri ndi lachitatu, ndipo chilichonse chimene mwaonjezera mulembe pambali pake amene akuchifuna. Chimene mwasowa mwini wake, chifufuteni.

Kumanga mu Power Apps

Tsegulani canvas app yatsopano ya mtundu wa tabuleti. Pitani ku Settings, kenako Display, muzimitse Scale to fit. Lock aspect ratio izima nayo. Zimitsaninso Lock orientation kuti pulogalamu izitembenuka foni ikagonekedwa. Dziwani kuti kuzimitsa kokhaku sikukonza kanthu. Mwangouza pulogalamu kuti isamachepetse zinthu, ndipo kuyambira pano udindo woyala zinthu ndi wanu.

Chinthu chilichonse pa sikirini chili ndi X, Y, Width ndi Height. Mukasiya manambala okhazikika, mwachitsanzo Width ya 900, chinthucho chidzatuluka kunja kwa foni. M'malo mwa nambala lembani fomula. Parent.Width ikutanthauza kuti “nditambasuke mofanana ndi chimene ndakhalamo”. Parent.Width - 32 isiya mpata wa 16 mbali zonse ngati X ndi 16. Parent.Width / 2 itenga theka. Chenjezo limene Microsoft yomwe imapereka: mukalemba fomula kenako n'kukoka chinthucho ndi mausi, fomula ija imafufutika, pamalo pake n'kubwera nambala. Ambiri amadabwa kuti dzulo zimayenda, lero zasokonekera. Kawirikawiri ndi dzanja linaterereka.

Kulemba mafomula pa chinthu chilichonse n'kotopetsa, n'chifukwa chake pali ma container. Container ndi bokosi losaoneka limene limayala lokha zimene mwaikamo. Vertical container imasanjikiza zinthu kuchokera pamwamba kutsika pansi. Horizontal container imaziika mondondozana kuchokera kumanzere. Sikirini ya mphunzitsi imangidwe motere. Ikani vertical container yodzaza sikirini yonse, Width yake ikhale Parent.Width, Height yake Parent.Height. M'kati mwake muike zinthu zitatu: mutu wosonyeza kalasi ndi tsiku, gallery ya mayina, ndi batani losungira. Mutu ndi batani zikhale ndi msinkhu wokhazikika. Gallery yokha muiyatsire Flexible height kuti idye malo onse otsala. Mukatero batani losungira likhala pansi pa sikirini nthawi zonse, kaya foni ndi yaitali kaya yaifupi, ndipo mayina okha ndi amene aziyenda. Mukaika batanilo kumapeto kwa mndandanda, mphunzitsi ayenera kudutsa mayina 45 kuti alipeze, ndipo tsiku lina sadzalipeza.

Pa ma container pali zosankha zina zoti muzidziwe. Gap ndi mpata wa pakati pa zinthu. Wrap imalola chinthu chosakwana kutsikira pa mzere wotsatira. Fill portions imagawa malo: mukapatsa bokosi lina 1, linzake 2, pa m'lifupi mwa 1200 loyamba litenga pafupifupi 400, lachiwiri 800. Minimum width imaletsa bokosi kuphwanyika kupyola pamene mwanena.

Malire a kukula kwa sikirini

Power Apps imagawa masikirini m'magulu anayi pogwiritsa ntchito App.SizeBreakpoints. Pa pulogalamu ya mtundu wa tabuleti malirewo amayamba ali 600, 900 ndi 1200. Kufika pa 600 ndi ScreenSize.Small, kufika pa 900 ndi Medium, kufika pa 1200 ndi Large, kupitirira apo ndi ExtraLarge. Mukayamba ndi mtundu wa foni mupeza 1200, 1800 ndi 2400, chifukwa kumeneko manambala onse amawirikizidwa kawiri. N'chifukwa chake tinati muyambe ndi mtundu wa tabuleti, masamu asakusokonezeni.

Tinene kuti sikirini yanu mwaitcha Kaundula, ndipo mukufuna kuti pa chipangizo chachikulu kumanja kuzioneka tsatanetsatane wa mwana amene wasankhidwa. Ikani gallery ndi bokosi la tsatanetsatane mu horizontal container. Pa Visible ya bokosilo lembani Kaundula.Size >= ScreenSize.Large. Pa foni bokosilo silioneka, gallery itenga malo onse, ndipo tsatanetsatane azitsegulidwa pa sikirini yakeyake. Bwanji osayambira pa Medium? Werengerani. Tabuleti yoimikidwa ya 800, itagawidwa 1 kwa 2, ipatsa gallery 267 yokha, kuchepera foni imene tinavutika nayo ija. Mukafunitsitsa mabokosi awiri pa tabuleti, gawani 1 kwa 1 ndipo gallery muipatse Minimum width ya 360.

Manambala a Microsoft si lamulo, mutha kuwasintha. Malire abwino ndi pamene zinthu zanu zayamba kuthinana.

Ogwiritsa ntchito AppSheet ntchito yawo ndi yopepukirapo, chifukwa chidachi chimayala chokha zinthu pa foni ndi pa kompyuta. Mtengo wake ndi wakuti simusankha zambiri. Komabe kusankha madanga oti aoneke ndi dongosolo lake kuli m'manja mwanu. Table view ya madanga 8 pa foni ndi yosautsa chimodzimodzi, pamene deck view yosonyeza dzina ndi mabatani ochepa imagwira bwino.

Sikirini yaikulu siitanthauza ofesi

Mu January 2015 dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, pansi pa Panyaza Lesufi, inayamba ntchito ya makalasi opanda mapepala, kuyambira pa sukulu zingapo kuphatikizapo Boitumelong Secondary ku Tembisa. Makalasi analandira matabuleti ndi ma smartboard, ndipo m'zaka zotsatira ntchitoyi inafalikira ku sukulu zambiri za m'makomboni. Tsono taganizani: mphunzitsi foni yathera batire, watsegula kaundula pa smartboard. Kwa pulogalamu yanu, bolodi imeneyo ndi ExtraLarge, chimodzimodzi kompyuta ya kalaliki. Fomula yathu ija itsegula bokosi la kumanja, ndipo ana 45 awerenga nambala ya foni ya mayi a mnzawo ndi chifukwa chimene anajombera: kuchipatala, kumaliro, kukhoti.

Kukula kwa sikirini kuzisankha kayalidwe ka zinthu kokha. Amene aloledwa kuona chinthu azisankhidwa potengera akaunti imene walowera. Mu Power Apps fomula ya User imapereka imelo ya munthu amene watsegula pulogalamu, ndipo mutha kuifananiza ndi mndandanda wa ogwira ntchito mu ofesi. Komanso kubisa bokosi si kukhoma chitseko. Manambala a makolo ndi zifukwa zojombera zikhale m'tebulo lina, ndipo chilolezo cha tebulo limenelo chiperekedwe kwa oyenera okha kumene deta ikusungidwa, kaya ndi SharePoint kaya Dataverse. Ku South Africa lamulo la POPIA la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limateteza mwapadera zokhudza ana ndi zokhudza umoyo. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024. Musanaike dzina la mwana weniweni mu pulogalamu, ahedi adziwe ndipo avomereze. Poyeserera gwiritsani ntchito mayina opeka.

Kanthu kena ka pambali, poti tili pa madanga. Nambala ya ID ya ku South Africa ili ndi manambala 13, ndipo omanga mafomu amakonda kuchititsa danga limeneli kukhala lokakamiza. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu wa Centre for Child Law, linagamula kuti ana opanda zikalata ali ndi ufulu wophunzira m'sukulu za boma. Ana ena a makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ngakhalenso ana a eni dziko amene alibe setifiketi ya kubadwa, nambala imeneyi alibe. Fomu yokana kusunga popanda manambala 13 imuchotsa mwana m'kaundula pamene khoti linamulowetsa. Mpatseni nambala ya pasukulu.

Kuyesa

Pomanga mutha kusankha chipangizo choyerekeza pa preview, ndipo zimathandiza. Koma sungani, sindikizani ndi Publish, n'kutsegula pa foni yeniyeni. Bwerekani foni yakale kwambiri mu stafu, ya galasi long'aluka ija, osati ya ahedi.

Gundani danga lolembamo muone ngati kiyibodi yaphimba batani losungira, pajatu imadya pafupifupi theka la sikirini. Gonekani foni cham'mbali: m'lifupi mutha kupitirira 600, pulogalamu n'kuyesa kuti ndi tabuleti, chonsecho msinkhu watsala 360. Pezani mphunzitsi wachikulire amene anakulitsa zilembo pa foni yake. Tulukani panja pa dzuwa, nanga si ena amaitanira mayina pa asembule kapena pansi pa mtengo. Zilembo zotuwa pa pepala loyera sizioneka kumeneko, ndipo kusiyanitsa “alipo” ndi “wajomba” ndi mtundu wobiriwira ndi wofiira wokha kumasokoneza anthu amene maso awo sasiyanitsa mitundu imeneyi. Ikaniponso chilembo kapena chizindikiro.

Yesaninso chilankhulo. Batani limene lakwana mawu a Chingerezi a zilembo 4 oti Save liyenera kukwananso Boloka wa Setswana, Sungani wathu, ndi Londoloza wa isiZulu, amene ali ndi zilembo 9. Ku Winterveld nkhani imeneyi siyongopeka.

Chomaliza, zimitsani deta. Mu 2023 South Africa inaona kuzima kwa magetsi kwa load shedding pafupifupi tsiku lililonse, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali netiweki imafooka. Kwathu kuno za ESCOM ndi ZESCO mukuzidziwa. Mu Power Apps, Connection.Connected imakuuzani ngati foni ili pa intaneti, ndipo SaveData ndi LoadData zimasunga zolembedwa m'foni mpaka netiweki itabwera. AppSheet ili ndi zosankha zake za offline. Pa foni patulani kamzere koonekeratu konena kuti “Zatumizidwa” kapena “Zikudikira netiweki”. Pa zinthu zonse zopikisana malo pa sikirini yaing'ono, kamzere kameneka musakachotse, chifukwa mphunzitsi akaganiza kuti zapita pamene sizinapite, ofesi iona kalasi yopanda kanthu.

*Dziyeseni nokha*

1. Foni ina ili ndi m'lifupi mwa 412. Ndi mipata ndi mabatani atatu monga tinawerengera, dzina litsala ndi malo angati? Nanga pa foni ya 320?
2. Tabuleti ili ndi 800 ikaimikidwa, 1280 ikagonekedwa. Igwa m'magulu ati pa malire a 600, 900 ndi 1200?
3. Mnzanu wabisa manambala a makolo pa ScreenSize.Small ndi Medium, akuti zinsinsi zatetezedwa. Mumuyankha chiyani?

*Mayankho.* Funso 1: 412 − 32 − 144 − 24 = 212. Pa 320 patsala 120, zilembo pafupifupi 15, ndiye dzina liyenera kutsikira pa mzere wachiwiri. Funso 2: Medium ikaimikidwa, ExtraLarge ikagonekedwa. Chipangizo chimodzi chadumpha magulu awiri pongotembenuzidwa, choncho yesani mbali zonse ziwiri. Funso 3: smartboard ndi laputopu ya m'kalasi zionetsabe manambalawo. Chilolezo chitengere akaunti ya munthu, ndipo chiikidwe pa tebulo lenilenilo.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Sankhani ntchito imodzi ya pasukulu kapena ya m'dera lanu imene anthu awiri kapena atatu amaigwira pa zipangizo zosiyana. Itha kukhala kuwerengera matumba a ufa wa phala, kubwereketsa mabuku, katundu wa mu spaza kapena okala, kapena zopereka za stokvel kapena banki mkhonde. Fotokozani m'mawu osapitirira 300 kuti aliyense amakhala kuti ndipo amafuna kumaliza chiyani. Tumizani mapepala atatu ojambula ngati a mu Ntchito 1, pamodzi ndi masamu a mzere umodzi pa m'lifupi mwa 360. Amene muli ndi kompyuta, mangani sikirini imodzi, mujambule zithunzi zake pa foni yoimikidwa, pa foni yogonekedwa ndi pa kompyuta. Kenako perekani foniyo kwa mphunzitsi mnzanu osamufotokozera kalikonse, mulembe pamene chala chake chinaima kapena kuphonya, ndi masekondi amene anatenga kuti apeze batani losungira. Pa zithunzi zonse pasaoneke dzina la mwana weniweni.